Ndinazula Mutu wa Mpopi Pamaso pa Alendo

Ana anga, za ubwana wanga ndazidumpha dala. Munazimva kokwanira kwa azakhali anu, ndipo iwo amazikometsa kuposa ine. Pano ndikufuna ndilembe za ntchito, chifukwa n'kumene anthu anandinenera zambiri, zoona ndi zabodza zomwe, ndipo ndikufuna mumve mbali yanga ndidakali ndi mano olankhulira. Bungwe limene ndinkagwirako sindilitchula dzina. Ena mwa anthu ake adakali moyo, timakumana m'maliro n'kupatsana moni ngati anthu.

Msakambewa, zaka zoyamba

Ntchito ndinayambira ku Msakambewa monga mlangizi wa zamadzi. Dzina la udindowo linali lokoma, koma ntchito yeniyeni inali kupalasa njinga mudzi ndi mudzi, kukonza mijigo yowonongeka ndi kuphunzitsa anthu kusamala zitsime zawo. Tsiku limene ndinafika, bwana wanga woyamba, a Lungu, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako anasuzumira kumbuyo kwanga ngati akudikira kuti mwamuna atulukire.

"Mwatumidwa ndi yani, mayi?" anandifunsa.

"Ndine amene mwakhala mukumudikira, bambo."

"Mjigo munauzulapo inu?"

"Ayi. Koma nanunso linalipo tsiku limene munali musanauzulepo."

Anaseka mpaka kutsokomola, ndipo anatsegula kabati n'kundipatsa sipanala yawo yakale. A Lungu anali munthu wosavuta kumumvetsa. Mjigo ukafa ankati wafa, ukakhala ndi moyo ankati uli ndi moyo, ndipo kwa akuluakulu a kuofesi ankanena chimodzimodzi osawonjezera mchere. Zaka zimene ndinagwira nawo ndinavutika ndi mapiri a Dowa, njinga ndinkaikankha kuposa kuikwera, koma mtima unali m'malo. Amayi a m'midzi anayamba kunditchula kuti Mayi Sipanala. Poyamba kunali kundiseka, pambuyo pake anayamba kunditchula choncho ngakhale kutchalitchi, ndipo ine ndinkavomera.

Bowe, zaka za kusowa

Atapuma a Lungu, ananditumiza ku Bowe. Kumeneko n'kumene ndinadziwa kusowa. Malabala a mjigo kunalibe, mapaipi kunalibe, kolorini wothira m'zitsime ankabwera ngati mlendo n'kutha anthu asanamuone bwino. Ndinafika podula chubu cha njinga kuti ndipangire labala, lizigwirako ntchito mpaka mvula ithe. Mayi akakuuza kuti ana ake akumwa madzi a m'dambo limodzi ndi ng'ombe, sungamuyankhe kuti zipangizo zili m'njira. Ndinkapsa mtima masiku ambiri, ndipo bambo anu, Mulungu ause mzimu wawo, ndi amene ankalandira mkwiyo umene sunali wawo.

Ku Bowe komweko ndinalandira bwana watsopano, a Matewere. Ndisawanamizire, sanali aulesi. Ankadzuka m'mawa, ankadziwa kulankhula, ndipo alendo ankawakonda. Koma matenda awo anali mwambo. Akamva kuti kwinakwake kukumbidwa mjigo, choyamba kuganiza chinali chikwangwani, hema, ndi amene adzadule kansalu. Tsiku lina ndinawauza kuti mjigo umene tinatsegula ndi magule unali utasiya kutulutsa madzi.

"Mayi Banda," anatero, "inu vuto lanu mumaona zoipa zokhazokha. Tinatsegula kapena sitinatsegule?"

"Tinatsegula, bwana."

"Ndiye lembani kuti tinatsegula."

"Nanga madzi ndilembe kuti ali kuti?"

Anangoyang'ana pawotchi. Kuyambira pamenepo tinadziwana. Iwo ankanditenga ngati minga pampando, koma kundichotsa sakanatha chifukwa mijigo inkandimvera. Atawakweza kuti aziyang'anira ntchito ya ku Ntchisi, ananditenga, ndipo anandiuza pamaso kuti akutenga manja anga, pakamwa ndikasiye ku Bowe.

Kasakula, chilimwe chimene kunabwera sefa

Kuseri kwa Kasakula kuli sukulu ina ya pulayimale pamwamba pa chitunda. Pamalopo anayesa kukumba mjigo kangapo, makina ankangokumana ndi mwala. Ana ndi makolo awo ankamwa madzi a kamtsinje ka m'munsi, ndipo dzinja lililonse matenda otsekula m'mimba ankalowa nyumba ndi nyumba. Bungwe lathu linagwirizana ndi sukulu ina ya ukachenjede kuti pamalopo ayesepo njira yatsopano yosefera madzi. Amene anabwera nayo anali mtsikana wophunzira kwambiri, dzina lake Tadala, wowonda, wolankhula mofulumira, wosaopa matope. Ndinamukonda tsiku lomwelo chifukwa anavula nsapato n'kulowa nane mumtsinje.

Tinamanga thanki pafupi ndi sukulu, madzi n'kumakwera ndi pampu yoyendera dzuwa. M'kati mwa thankimo munali timafelemu toimikidwa mondondozana, ndipo kafelemu kalikonse kanali kokutidwa ndi kansalu ka pulasitiki kopyapyala. Tadala anandikhazika pansi n'kundifotokozera ngati mwana wa sitandade wani, ndipo sindinachite manyazi.

"Amayi, iyi ndi sefa, ngati yosefera ufa ija. Kungoti timabowo take n'tating'ono kwambiri, maso sangatione. Madzi amadutsa, tizilombo toyambitsa matenda timatsala kunja."

"Nanga bwanji ikuoneka yakuda chonchi, ngati yakhalitsa m'khitchini?"

"Umenewo ndiye mtima wake. Popanga kansaluka tinasakanizamo tifumbi ta siliva, tating'ono kuposa fumbi lililonse limene munalionapo. Masefa ena amatsekeka msanga chifukwa tizilombo timamanga ndere pamwamba pake. Apa tikangokhala, siliva amatipha, ndere sizimera msanga. Mtundu wa tiyi mukuuonawu ndi siliva ameneyo, si litsiro ayi."

Anandiuzanso zinthu ziwiri, akundigwira dzanja. Choyamba, khungu losefa lili pamwamba penipeni pa kansaluko, n'lopyapyala kuposa khungu la anyezi, ndiye potsuka ndi madzi okha ndi kasiponji kofewa. Chachiwiri, madzi ake amatuluka pang'onopang'ono, ndipo ndi mmene ayenera kutulukira. Tsiku limene ndidzaone akuthamanga, ndisadzasangalale, sefa idzakhala itang'ambika.

Ine ndi Tadala tinapempha kuti tiitane amayi onse a m'mudzimo tiwaphunzitse zimenezi. A Matewere anati nthawi palibe, komiti ya madzi yaphunzira kale, amayiwo adzaphunzira tikatsegulira. Komiti imeneyo inali ya abambo okhaokha, osankhidwa chifukwa ankadziwa kulemba mayina awo. Ndinawafunsa a Matewere kuti mwa abambowo ndi ndani amene anatsukapo mbale chikwatirireni. Anati ndisiye nthabwala pantchito. Tadala anabwerera kusukulu kwake, makiyi a thanki anatsala ndi komiti.

Kasakula, dzinja lotsatira

Mwambo wotsegulira anauika m'kati mwa mvula, nthawi imene matenda aja anali atayamba kale kumidzi ya kumtunda kwa mtsinje. Masiku oyandikira mwambowo a Matewere ananditumiza kuboma kukathamangitsa hema, mipando ndi makapu atsopano. Dongosolo linali lakuti alendo opereka ndalama za ntchitoyo akalankhula, ine nditsegule mpopi, ana asukulu abwere pamzere, aliyense amwe kapu imodzi, ojambula ajambule.

Ndinafika pasukulupo m'mawa wa tsiku la mwambo. Pabwalo panali posesa, miyala ya m'mbali mwa njira yopakidwa laimu, makonde a makalasi ozira bwino. Kwathu kuno mlendo sumulandira ndi litsiro, zimenezo mukuzidziwa. Amene anatsogolera ntchito yonseyo anali mayi Nachisale, mtsogoleri wa amayi a mumpingo, mayi wamkulu amene mapoto ake ankawala ngati galasi, ukhoza kumetera ndevu. Anandithamangira akumwetulira, manja ali otuwa ndi phulusa.

"Mayi Sipanala, bwerani mudzaone. Mpopi wanu uja unkangodontha ngati mphuno ya mwana. Tauchiritsa."

Anatsegula, madzi anatuluka mwamphamvu mpaka kundithira pachitenje. Ndinakwera pathanki, ndinatsegula chivundikiro, ndinazula kafelemu kamodzi. Kansalu kaja kanali koyera mbee, kodzaza mizeremizere, pena poonekera kuwala.

"Amayi, mwachita chiyani apa?"

"Takwecha, mwana wanga. Zinali zakuda bii, zochititsa manyazi. Alendo akanati asuzumiremo akanati ife ndi anthu otani? Tinapempha makiyi kwa apampando a komiti, tinatenga mchenga wa kumtsinje ndi phulusa, tinakhalira tsiku lonse dzulo. Chimodzichimodzi, palibe chimene tasiya."

Ananena monyadira, ndipo anali ndi chifukwa chonyadira, chifukwa anagwira ntchito ndi mtima wonse. Ndinamva chisoni chimene sindinachimvepo pantchito. Ndinaimbira foni Tadala, amene pamwambopo sanaitanidwe n'komwe. Nditamufotokozera anati, "Amayi, amenewo tsopano ndi madzi a mumtsinje basi, angochoka matope okha. Asamwe munthu. Chonde, makamaka ana."

Galimoto ya a Matewere itafika ndinawakokera kuseri kwa kalasi n'kuwaonetsa kafelemu kaja. Anakatembenuza uku ndi uku, nkhope itagwa. Kenako anayang'ana kumsewu kumene alendo ankachokera.

"Kolorini muli naye?"

"Anatha kalekale, munandiuza kuti ndidikire."

"Chabwino. Madziwo akuoneka bwanji?"

"Oyera, bwana. Chikomekome cha mkuyu."

"Ndiye mvetserani. Kapu imodzi siipha munthu. Anawa akhala akumwa mtsinje umenewu chibadwire. Tichite mwambo, alendo apite, mawa tidzaona chochita mwakachetechete."

"Akamamwa kumtsinje amayi awo amadziwa kuti ndi mtsinje, ena amawiritsa. Apa tikuwauza ife, pamaso pa abusa ndi alendo, kuti madzi awa ndi abwino. Mawa mudzi wonse udzatunga pano osawiritsa, ndipo inu mudzakhala muli kuofesi."

"Mayi Banda, anthu awa achokera kutali. Akamva kuti zalephereka, ntchito yonse ya dera lino yatha, yanunso yomwe. Muli ndi ana inu. Mutsegula mpopi umenewo."

Anandisiya pomwepo ndi kafelemu m'manja. Musaganize kuti sindinaope. Ndinaopa kwambiri. Bambo anu anali atayamba kudwala, inu nonse munali pasukulu, ndipo ndinkadziwa kuti a Matewere saiwala. Pamene alendo ankalankhula ine ndinali chiimire pambali pa mpopi, ndikuyang'ana mzere wa ana atavala yunifolomu yochapa, aliyense atagwira kapu yatsopano ndi manja awiri ngati wapatsidwa dzira. A m'kalasi yoyamba anawaika kutsogolo chifukwa ndi amene amakoma pachithunzi.

Nthawi itakwana, ndinayesa kaye njira yaulemu. Ndinatunga kapu imodzi, ndinapita pamene anakhala a Matewere, ndinagwada.

"Bwana, kwathu kuno mwini chakumwa amayamba walawa, kuti alendo amwe ndi mtima umodzi."

Amayi analulutira, ankaganiza kuti ndi mbali ya mwambo. Ine ndinkayembekeza kuti bwana akaiona kapuyo pafupi ndi milomo yawo, mtima uwagunda, aimitsa zinthu okha mwanzeru zawo, ndipo aliyense apulumuka manyazi. Ndinawayesa molakwa. Anandiyang'ana m'maso, anamwa madzi onse mpaka kupendeketsa kapu, anapukuta pakamwa, n'kunena mokweza kuti, "Okoma zedi! Ana abwere."

Anthu anawomba m'manja. Aphunzitsi anakankha mzere, kamtsikana koyamba kanafika pampopi n'kutambasula dzanja. Apo ulemu unandithera. Ndinadzuka, ndinaima pakati pa mwanayo ndi mpopi, ndinatulutsa sipanala m'chikwama, ndinamasula mutu wa mpopiwo n'kuuponya m'chikwama momwemo. Kenako ndinatembenuka n'kulankhula kuti aliyense amve, mpaka amene anali kumbuyo pansi pa mtengo.

"Pepani alendo, pepani makolo. Madzi awa samwedwa. Sefa yawonongeka, awa ndi madzi a mumtsinje. Mwana aliyense abweze kapu."

Mmodzi wa alendo anafunsa womumasulira kuti chachitika n'chiyani. A Matewere anadzuka, ndipo poti kulankhula ankakudziwa, anapeza msanga pothawira. Anati nawonso angomva kumene, anati n'zomvetsa chisoni kuti zinthu zamakono zikafika kumudzi zimakumana ndi umbuli, anati amayi ena atenga chipangizo chodula n'kuchikwecha ndi mchenga ngati mphika wa nyemba. Ena mwa alendo anapukusa mitu. Mayi Nachisale anali ataima kutsogolo kwa amayi anzawo, atavala zoyera za kumpingo. Ndinaona akutsitsa mutu pang'onopang'ono, manja aja akuwabisa m'chitenje.

Zimenezo zinandipweteka kuposa zonse, ndipo ndinayankha ndisanapemphe mwayi wolankhula.

"Ayi bwana, umbuli musauike pamenepo. Amayi awa aona chinthu chakuda m'madzi akumwa a ana awo, achitsuka, monga anawaphunzitsira amayi awo ndi monga ndakhala ndikuwaphunzitsira ine zaka zonsezi. Amene anapanga sefayi anapempha kuti tiwaphunzitse amayiwa. Ine ndinapempha. Munati nthawi palibe. Ya hema inapezeka."

Abusa anayesa kuyambitsa nyimbo kuti aphimbe, koma anaimba okha. Alendo anapita kukasuzumira m'thanki, anafunsa mafunso, anakwera galimoto zawo osadya n'komwe chakudya chimene amayi anaphika. A Matewere podutsa pafupi nane ananong'ona kuti, "Walira mvula walira matope, mayi." Ndinawayankha kuti matope ndinawazolowera, ndi iwo amene amayenda pagalimoto.

Anthu amakonda kundifunsa ngati bwanayo anatsekula m'mimba pambuyo pake. Akufuna nkhaniyi ikome. Sindikudziwa, ndipo sindinafunse. Mimba ya munthu wamkulu wodya bwino si mimba ya mwana wa sitandade wani, ndipo ine sindinaime pampopi paja chifukwa cha mimba ya a Matewere.

Pambuyo pa mwambo

Matope anabweradi. Kundichotsa ntchito sanathe, chifukwa Tadala atabwera n'kuyeza madziwo ananena zomwe ndinanenazo. Koma pali njira zambiri zophera khoswe. Anandiitana kuofesi, anandiuza kuti ndinachititsa manyazi bungwe, kuti nkhani za m'nyumba sazitulutsa pabwalo, kuti ndikanatha kupeza njira ina. Ndinawafunsa kuti njira yake iti, poti mwana anali atatambasula kale dzanja. Anandipempha kuti ndipepese kwa a Matewere pamaso pa anzanga onse, nkhani ithere pomwepo. Ndinati ndipepesa tsiku limene iwo adzapite kukapepesa kwa amayi a ku Kasakula. Tsiku limenelo silinafike, ndiye langanso silinafike.

Ananditumiza kudera lakutali kwambiri, kuseri kwa mapiri, kumene galimoto sinkafika nthawi ya mvula. Kukwezedwa kumene ndinkayembekeza kunapita kwa munthu amene ndinamuphunzitsa ndekha kugwira sipanala. Ndinapuma pantchito ndili pa udindo womwe ndinayambira ku Msakambewa. Inu munakulira m'nyumba yodontha ija, munkayenda mtunda wautali kupita kusukulu, ndipo bambo anu podwala tinkawanyamula pangolo kukafika kumsewu. Ndikudziwa kuti ena mwa inu munandisungira mawu mumtima. Ndinamva mmodzi wa inu akuuza mnzake kuti amayi athu pakamwa ndi pamene panatisaukitsa. Sindinakukalipire nthawi imeneyo, ndipo sindikukalipira lero. Unanena zoona. Koma usayembekeze kuti m'mutu uno upezamo kupepesa.

Masefa atsopano anabwera patapita miyezi, ine nditachoka kale. Ndinamva kuti Tadala anakana kuwaika mpaka amayi onse ataitanidwa, ndipo anawaphunzitsa yekha pansi pa mtengo, kasiponji kali m'manja. Makiyi a thanki anachoka kwa abambo aja.

Koma chimene chinkandisowetsa tulo sichinali a Matewere. Anali mayi Nachisale. Chichitikireni mwambo uja sanandilankhulenso. Kutchalitchi akandiona ankayang'ana kumbali, ndipo amayi ena anandiuza kuti anasiya kutsogolera nyimbo, akuti anthu ankawaloza kumsika kuti ndi aja anakwecha makina. Ndinali nditawateteza, inde, koma ndinali ine amene ndinaulula nkhaniyo pagulu, ndipo manyazi a mayi wamkulu sachoka ndi mawu okoma. Ndinkaganiza kuti ndichoka ku Kasakula ndili ndi adani mbali zonse ziwiri.

Tsiku losamuka, lole itaima pakhomo, tikukweza mabedi ndi mapoto, ndinawaona akubwera m'njira ya kuchitunda, ali okha. Anaima chapatali mpaka katundu yense atakwera. Ndinapita, ndinagwada kuwapatsa moni. Sanandifunse kuti ndadzuka bwanji.

"Munandivula pagulu, Mayi Sipanala," anatero. "Zaka zanga zonsezi palibe anandinenapo za ukhondo. Ndinalira."

"Ndikudziwa, amayi."

"Ndinakwiya nanu. Mpaka lero mtima sunatsike bwino."

Woyendetsa lole analiza hutala. Mayi Nachisale anayang'ana kusukulu kuja, kenako anandigwira paphewa ndi dzanja lawo lolimba lija n'kundidzutsa.

"Kamtsikana kanali kutsogolo pamzere kaja, kamene munakatchinga ndi thupi lanu, ndi kamdzukulu kanga. Mayi wake anamwalira, n'kokhako kamene anandisiyira. Madzi amene ndinawononga ndi manja angawa akanayamba kumwa ndi iyeyo." Anandilozera lole. "Kwerani, akusiyani. Kumene akukutayaniko, pakamwa panupo musakapasinthe."

Sindinapasinthe.